Funsani Azakhali: za timagulu ta mgonero kuno ku Joni

Moni nonse a ku Joni. Makalata a mwezi uno ambiri akukamba chimodzimodzi, timagulu tomwe tachuluka masiku ano tokumana pakhomo pa munthu nkudya mgonero wakwathu, ena kamodzi pamwezi ena wikendi iliyonse. Ndasankhapo anayi, pa loyambalo ndakhalitsapo dala chifukwa ndi nkhani imene ikuphwasula magulu ambiri.

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Zomba koma ndimakhala ku Rosettenville, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Chaka chatha tinayamba kagulu ka anthu 8, timakumana kwanga Lamulungu lomaliza la mwezi poti ndine ndili ndi khitchini yabwinoko, aliyense amasonkha R100 nde ndimaphika nsima, nkhuku ya lokolo, usipa, nkhwani wotendera, pena mpunga wa Kilombero ukapezeka. Poyamba zinali bho koma pano akumabwera anthu 20 kuposa, wina watenga mlamu wake wina watenga mnzake wakuntchito, ndalama akumati tikupatsani tikalandira koma mpakana lero ena ali ziii. Mwezi wathawu ndinachita kutapa pa ndalama ya lendi. Mnzanga wina akuti ndingoisandutsa bizinesi, mbale R150 ndizilengeza pa Facebook. Nditani? Sindikufuna kudana ndi anthu akwathu. Ndine mayi wa ku Rosettenville.

YANKHO: Achemwali, ndakumvani ndipo zandikhudza, makamaka apo pa lendi. Simunalakwe kulandira anthu, tonse tinaleredwa kuti mlendo akafika poto ali pamoto umangoonjezera ufa, suyamba kuwerenga mitanda. Koma kumudzi kuja ufa umachokera mu nkhokwe, nkhwani kuseri kwa nyumba, nkhuni kutchire, pomwe kuno chilichonse ndi Rand, olo moto womwe mukuphikirawo mwachita kugula mayunitsi. Nde mtima wakumudzi sungayende wokha pa fulati ya lendi, umafunika dongosolo.

Amene anagwirako ntchito ya zomangamanga kumudzi akudziwa memo. Pa memo munthu amasonkha mmawa poto asanakhale pamoto, amene sanasonkhe alibe mtanda, ndipo palibe amakwiya chifukwa lamulo lake aliyense akulidziwa. Gulu lanu lichite chomwecho. Mayina alembedwe pa gulupu ya WhatsApp, Lachinayi madzulo mndandanda utsekedwe, ndipo dzina lilowe ndalama ikalowa osati lonjezo. Wofuna kubwera ndi mlamu wake amulipirire Lachinayi lomwelo. Koma chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi: wophika asakhale wotolera ndalama. Inu mukayamba kukumbutsa anthu ngongole nkumawapatsiranso mbale, zimaoneka ngati mukugulitsa chibale, nanunso manyazi amakugwirani nkungosiya. Sankhani msungichuma pakati pa anthu 8 oyamba aja, munthu wosaopa kulankhula, iyeyo ndiye alengeze lamuloli ngati mfundo ya gulu lonse. Za ngongole zakale zija ndinganene kuti afunse kamodzi mwaulemu, zikakanika zisiyeni, bola zatsopano zisayambike.

Kenako khalani pansi ndi kope muwerengere zoona zake za mgonero umodzi. Ambiri timangowerenga nkhuku ndi ufa, timaiwala gasi, mafuta ophikira, tomato, anyezi, sopo wotsukira mbale, takisi yopita ku msika wa Yeoville kukafuna nsomba zouma ndi chinangwa, komanso ndalama ija mumapereka kwa obweretsa katundu wakumudzi pa basi ku Park Station. Usipa umenewo wadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge usanafike mu poto wanu, sungakhale wotchipa. Mukaonkhetsa zonse mugawe ndi nambala ya anthu, muonetse gulu lonse, anthu akaona manambala ndi maso awo mikangano imachepa. Ngati muli ambiri ndithu, awiri azilawirira Loweruka ku Joburg Market ku City Deep, tomato wa bokosi ndi anyezi wa thumba amatsikirako kusiyana ndi kugula mmashopu pang'onopang'ono.

Nambala ya anthu nayo ikhale ndi malire, ndipo malire ake amanena ndi poto ndi mipando osati mtima wanu. Ndinaonapo nsima ya anthu 20 ikuphikidwa pa kasitovu ka mapuleti awiri, mayi wina wagwira poto ndi nsalu kuti asagwe, wina akuthyakula thukuta lili kamukamu, mthiko ukukanika kufika pansi, pamwamba yosapsa pansi nkhoko zikupserera, mmene poto wachiwiri amapsa mitanda yoyamba ija inali itazizira kale mu mbale. Anthu 10 kapena 12 ndiye mulingo wa khitchini ya pa fulati. Ndiwonso musachulutse, nsima, ndiwo imodzi ya nyama kapena nsomba, masamba otendera ndi nyemba basi, zitatu zophika bwino zimaposa zisanu ndi ziwiri zothamangira. Ndipo ntchito igawidwe, achimwene aja ali ndi mphamvu azithyakula nsima, ena azisadzula masamba, otsuka mbale adziwike anthu asanadye, chifukwa akakhuta aliyense amakumbukira kuti mawa kuntchito. Auzeninso a landilodi ndi aneba tsiku lake, nyimbo zikhale zapansi, ikamakwana 8 koloko anthu akhale akutsanzika.

Tsopano za bizinesi. Maganizo a mnzanuwo si oipa koma ndi chinthu china kotheratu. Anzanu akasonkherana nkudya limodzi ndi nkhani ya pakhomo, koma mukaika mtengo pa mbale nkuitana aliyense mwalowa mmalamulo a dziko lino. Malamulo a boma a nambala R638 a chaka cha 2018 amafuna kuti malo ophikira chakudya chogulitsa akhale ndi chikalata chotchedwa Certificate of Acceptability, chimaperekedwa ndi a zaumoyo a khonsolo akabwera kudzayendera khitchini, palinso laisensi ya bizinesi ya zakudya pansi pa Businesses Act ya 1991, ndipo mowa uli ndi laisensi yakeyake. Mukumbukira mu October 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi ku Soweto ndi poizoni wa terbufos, mankhwala a kumunda omwe ena amagulitsa mmisewu ngati ophera makoswe, kenako pa 15 November Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti ma spaza ndi malo onse okonza zakudya alembetse. Chiyambire pamenepo nkhani ya chakudya anthu akuiyang'anitsitsa, makamaka kwa ife obwera. Muonenso ngati mapepala anu akukulolani kuchita bizinesi. Apa ndiwonjezere, ngati muli ndi mankhwala a makoswe kapena a mphemvu mnyumba asayandikire kabati ya ufa olo pang'ono.

Palinso ziwiri zimene mnzanuyo sanaziganize. Adiresi ya pakhomo pomwe pali ana anu awiri siyoika pa Facebook kuti aliyense aione. Chinanso ndi mtengowo, mu 2025 malipiro otsikitsitsa a boma anali R28.79 pa ola, nde R150 ndi maola asanu ndi kuposa a mayi wa m'nyumba kapena bambo wa mgadeni, anthu 8 munayamba nawo aja ambiri adzasiya kubwera. Ine ndikuti pakadali pano ayi. Konzani kaye gululi, liyende miyezi itatu osatapa pa lendi, mukadzaona kuti mtima wa bizinesi ulipobe mudzayambe ndi kukafunsa ku khonsolo.

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wa ku Mangochi, ndimakhala ku Mayfair, ndangotha miyezi 7 kuno. Mnzanga wandiitanira ku mgonero wa gulu lawo ku Turffontein kwa banja lina lachikhristu. Ine ndine Msilamu, ndikuopa kufunsa za nyama angati ndine wamatama. Komanso ndinyamule chani?

YANKHO: Mwana wanga, pita, usadzitsekere mu rumu, kumalo ngati amenewo nkumene anthu amamva za ntchito, za nyumba ndi za amene akupita kumudzi woti nkumutuma. Za nyamazo nena msanga, sabata isanathe, osati mbale ili kale mmanja. Palibe Mmalawi angadabwe nazo, takulira limodzi. Ndiponso iwe uli pabwino chifukwa mabutchala a halaal ali thoo ku Mayfair ndi Fordsburg, ungowauza kuti nkhuku ndikagula ndine mundipatse ndalama ya gulu, wathetsa nkhani ndipo wathandizanso. Kwa inu olandira alendo, muzifunsa nokha pa gulupu kuti pali amene sadya chakuti, a Seventh Day sadya nkhumba ndi mlamba, ena ali ndi shuga kapena BP, ndipo alipo ana amene mtedza umawatupitsa mpaka kubanika, nde nsinjiro musamathire mwakachetechete.

Chonyamula ufunse mayi wa pakhomopo, akakana usapitebe chimanjamanja, malalanje kapena chakumwa cha ana zakwana. Fika nthawi imene wauzidwa, usatenge mnzako amene sanaitanidwe, ndipo usajambule anthu nkuika pa status osawapempha, ena ali ndi zifukwa zawo. Za pobwerera ukonzeretu kukadali kowala chifukwa Lamulungu madzulo matakisi amachepa, bola mugwirizane atatu anayi olowera mbali imodzi muitanitse Bolt kapena Uber pageti pomwepo.

FUNSO: Azakhali thandizeni, gulu lathu ku Cosmo City linandipatsa ntchito yofulula thobwa la pa 6 July. Ndayesa kawiri koma likungokhala phala lolimba losatsekemera. Chimera ndinagula cha King Korn. Ndine mtsikana wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mwana wanga, chimeracho chilibe mlandu, ndi cha mapira, kakomedwe kake kamasiyanako ndi ka mawere koma thobwa limatheka. Ndikuganiza kuti ukuthira chimera phala lili moto. Mu chimera muli mphamvu imene imaswa ufa kuusandutsa shuga, ndipo mphamvu imeneyo imafa ikakumana ndi phala lowira.

Ine ndimachita chonchi. Malita 5 a madzi, makapu 4 a ufa, ukapeza mgaiwa ndi bwino koma wa mshopu womwewu umatha. Phala lipse ndithu, lizichita kuphulika pamwamba. Phula, ulisiye uku ukuvundula pafupipafupi mpaka chala chotsuka bwino chizitha kukhalamo kanthawi osakuotcha, likhale lotenthabe koma lopiririka. Apo thira chimera kapu imodzi ndi theka, uvundule osasiya, ndipo uyang'anitsitse mu potomo: phala lija mthiko umachita kuimamo limayamba kulekerera mmbali, kenako pakati, pakangotha mphindi zochepa lasanduka lamadzimadzi, mtundu wafiirira, kafungo ka kumudzi kaja kayamba kumveka, ukalawa pa supuni kutsekemera kwayamba kale shuga usanathire. Ukaona zimenezo dziwa kuti zatheka. Zikapanda kuchitika ndiye kuti linali lotenthabe kwambiri kapena chimera ndi chakalekale.

Vindikira, ukulunge poto mu bulangete agone usiku wonse malo ofunda. June ndi July wa ku Joni si wa ku Ntcheu, mbandakucha kumachita kugwa chisanu choyera pa udzu, nde poto ukamusiya pa simenti palibe chimachitika. Mmawa uwiritsenso bwinobwino uku ukuvundula kuti lisapserere, lizizire, ulawe, shuga uthire pokhapokha ngati akufunika. Mmabotolo usadzazitse ndipo uzimasulako chitsekero chifukwa limatulutsa mpweya. Fulula kutatsala masiku awiri, ulisunge mu fuliji, likakhalitsa pofunda limasasa nkuyamba kulowera ku mowa, pamene pagulu pali ana ndi ena osamwa. Asakunamize kuti ungogula mageu a mshopu, ndi chakumwa china chimenecho.

FUNSO: Nyemba zanga kuno zimatenga tsiku lonse gasi mpaka kutha, kwathu ku Nkhotakota sizinkatero. Ndaganiza zoziphika pa mbaula mnyumba usiku poti kukuzizira, nanenso ndiziotha. Ndine bambo wa ku Diepsloot.

YANKHO: Achimwene, mbaula mnyumba yotseka ayi, chonde ayi. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, munthu amangomva tulo ndi mutu osadzukanso, nyengo yozizira iliyonse timamva maliro otere. Mbaula ikhale panja mpaka izime.

Nyembazo si dzanja lanu. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pomwe kunyanja kwanu kuja sikufika 500, nde kuno madzi amawira pa madigiri 94 kapena 95 basi, amabwata msanga koma asanatenthe mokwanira. Zinyikeni usiku wonse, mutaye madziwo, poto akhale wovindikira, ndipo tomato muthire zitafewa kale chifukwa zowawasa zimalimbitsa khungu. Gulu likakhala ndi kandalama kotsala ligule poto wa puresha, nyemba zonyika zimapsa osakwana ola. Ngati mgonero ndi wa Lamulungu phikani Loweruka, muzigawe mmakontena osaya kuti zizizire msanga, zilowe mu fuliji pasanathe maola awiri, mawa lake mutenthetse mpaka zibwate musanapereke.