Kodi Othello ankamukondadi Desdemona?

Achimwene, mwafunsa ngati Othello ankamukondadi Desdemona, poti anachita kumupha ndi manja ake. Ine ndikuti ankamukonda, koma mumtima ankadzikayikira kuti mkazi ngati ameneyo angakhale wakedi.

Taonani mmene Shakespeare anayalira sewerolo, lomwe analilemba cha m'ma 1603. Othello ndi mkulu wa asilikali a ku Venice, koma ndi mlendo, wakhungu lakuda, komanso wamkulu msinkhu kuposa mkazi wake. Brabantio, bambo a Desdemona, sanaufune ukwatiwo, ndipo anamuchenjeza mkamwiniyo kuti mwana amene wapusitsa bambo ake angadzapusitsenso mwamuna wake. Mawu omwewo ndi amene Iago, msilikali amene Othello ankamukhulupirira, anadzawakumbutsa ali pa chilumba cha Cyprus, pofuna kuti Othello aganize kuti Desdemona ali pa chibwenzi ndi Cassio, yemwe anali wachiwiri kwa Othello pa usilikali. Umboni weniweni analibe. Ankangoponya kamawu apa, n'kukhala ngati sakufuna kupitiriza, Othello n'kumadzimalizira yekha nkhani yonse. Ndiye kampango kaja, mphatso yoyamba imene Othello anapatsa mkazi wake: Emilia, mkazi wa Iago amene ankatumikira Desdemona, anakatola katagwa pansi, Iago n'kukakasiya m'chipinda cha Cassio. Basitu, kampango!

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti Othello sanamuuze mkazi wake mlandu wake momveka, kutchula dzina la Cassio, mpaka usiku womwe anamuphawo. Desdemona anachonderera kuti amuitane Cassio adzafunsidwe, koma mwamunayo anali ataweruza kale. Bwenzi lake Iago anamupatsa makutu onse, mkazi wake ayi.

Muwerengenso mbali ya Emilia. Ndi iyeyo amene anaulula za kampangoko pamaso pa anthu, ndipo Iago, mwamuna wake, anamubaya pomwepo.