Manijala wochokera kunja: yankho kwa mdzukulu wanga wa ku Salima

Mdzukulu wanga, kalata yako yandipeza kuno ku Nkhotakota. Wanena kuti eni a kampani yopanga zakudya imene umagwirako ntchito ku Salima amakhala kunja, ndipo akufuna kutumiza manijala watsopano. Anthu awiri anadzaona fakitale kwa sabata imodzi, ndipo tsopano inu a mu ofesi mwapemphedwa kunena maganizo anu. Woyamba ali ndi masatifiketi ambiri ndipo anayendetsapo mafakitale akuluakulu, pamene wachiwiri sabata yonse ankangofunsa mafunso, mpaka anzako ena akuti sadziwa kanthu. Ukufuna kudziwa kuti uloze uti, ndiponso ngati n'koyenera kuti mwana ngati iwe alankhulepo pa nkhani ya mabwana.

Ndiyambe ndi chakudyacho. Simenti ndi simenti kulikonse, koma chakudya chimalowa m'kamwa mwa munthu pamodzi ndi chipembedzo chake, miyambo ya makolo ake ndi zimene anazolowera pa mbale ya amayi ake. Kampani ya McDonald's, imene inatchuka ndi nyama ya ng'ombe, itatsegula malo ake oyamba ku India mu 1996 inasiya ng'ombe ndi nkhumba zomwe, chifukwa Ahindu amalemekeza ng'ombe ndipo Asilamu sadya nkhumba, m'malo mwake inayamba kugulitsa za nkhuku ndi za mbatatesi. Anzawo a Kellogg's anafika m'dziko lomwelo mu 1994 ndi chakudya cham'mawa chimene kwawo amathira mkaka wozizira, koma anapeza anthu ozolowera mkaka wotentha, umene unkachifewetsa n'kuchichotsa kukoma, ndipo malonda anayamba movutika. Ndalama ndi makina anali nazo. Chimene chinasowa ndi munthu woti akhale pansi m'khitchini ya eni dziko n'kuona mmene amadyera.

Kuno kunyanja nkhani yake ndi yomweyo. Kuyambira nthawi ya a Jumbe, Nkhotakota ili ndi Asilamu ambiri, ndipo ku Salima alikonso ochuluka, choncho manijala wa fakitale ya zakudya ayenera kudziwa tanthauzo la halaal, ayenera kudziwa kuti Lachisanu masana ena adzapempha nthawi ya kumzikiti, ndiponso kuti m'mwezi wa Ramadan munthu amene wamanga kuyambira mbandakucha sayenera kuikidwa pafupi ndi moto wa boila nthawi ya masana dzuwa la Salima likuswa mtengo. Eni makampani amasinthasintha, koma anthuwa amakhala pomwepo. Taona fakitale ya shuga ya ku Dwangwa: inayamba mu 1979 pansi pa Lonrho, mu 1997 inapita kwa Illovo ya ku South Africa, ndipo kuyambira 2016 Illovo yonse ili m'manja mwa Associated British Foods ya ku London, koma anthu a m'midzi yozungulira fakitaleyo ndi omwewo.

Ine ndinagwira ukalaliki pa kampani ina yaing'ono, imene sinditchula dzina, ndipo ndinaona mabwana awiri. Woyamba anali katswiri weniweni wa makina, ndipo izi sindingam'mane. Atangofika anathetsa nsima ya masana m'kantini, n'kulamula kuti tizilandira buledi ndi tiyi kuti tisamataye nthawi. Iye ankaona kuti watidyetsa, koma anthu pobwerera kunyumba ankauza akazi awo kuti lero sitinadye, pakuti kwathu kuno munthu amene sanagwire nsima sanadye. Kenaka mayi wa kapitawo wathu anamwalira, ndipo pafupifupi theka la antchito linapita kumaliro. Bwanayo anawadula malipiro onsewo, kuphatikizapo kapitawo mwini maliro. Palibe amene anam'yankha mwano. Onse anati "chabwino bwana," koma kuyambira tsiku limenelo makina akayamba kulira mwachilendo, panalibe wothamanga kukamuuza, ndipo asanathe zaka ziwiri anabwerera kwawo akudandaula kuti Amalawi ndi aulesi.

Wachiwiri anafika ndi kabuku m'thumba la malaya. Anafunsa amayi ophika chifukwa chake ufa woyera umakondedwa kuposa mgaiwa, anafunsa chifukwa chake mpunga wa kilombero umagulidwa modula, ndipo asanayambe ntchito anapita kukaonekera kwa a gulupu a m'deralo. Maliro atagwa pa mudzi wa mlonda wathu, ndinamuona ndi maso angawa atavula chipewa, atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi azibambo, ndipo chipepeso chake anachipereka kwa a mfumu kuti chilengezedwe monga cha wina aliyense. Pambuyo pake anatiitana n'kunena mosabisa kuti fakitale siingamaime pa maliro alionse, ndipo tinapangana kuti abale enieni azipita, ena onse tizitumiza nthumwi ndi galimoto ya kampani. Lamulo limenelo tinalisunga chifukwa tinalipanga limodzi. Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iye anatiphunzitsadi zaukhondo ndi kusunga nthawi zimene sitinkazidziwa, koma tinalola kumetedwa chifukwa anayamba watipatsa moni.

Ndiye ngati wachiwiriyo ntchito yake amaidziwa, usanyoze mafunso ake. Komabe usaloze msanga, pakuti kufunsa kokha sikokwanira. Kumbukira mmene aliyense wa iwo anachitira ndi alonda ndi amayi osesa, ngati analawa chakudya cha m'kantini, ndiponso ngati nkhope inasintha pamene wina anam'tsutsa. Ngati ali ndi banja, akuluakulu afunse ngati banjalo lavomera kudzakhala ku Salima, chifukwa munthu amene mtima wake watsala kwawo amangowerenga masiku. Koposa zonse, afunsidwe kuti akukonzekera kuphunzitsa Mmalawi uti kuti adzatenge mpando wake. Chilolezo chogwirira ntchito chimene a Immigration amapereka kwa mlendo n'chakanthawi, ndipo manijala amene amachoka osasiya wolowa m'malo wangodya malipiro.

Za kulankhula kwako, lankhula ndithu, popeza wafunsidwa. Ulemu umene tinakuphunzitsa ndi wa kasankhidwe ka mawu, nthawi ndi malo, osati wobisa choonadi. Mpaka lero ndimadziimba mlandu pa nkhani ya bwana woyamba uja, chifukwa ine ndinkadziwa Chingerezi, ndinkalowa mu ofesi yake m'mawa uliwonse, koma sindinam'fotokozere kuti maliro ndi chiyani kwa ife. Ndinalemba mayina a odulidwa malipiro ndi dzanja langali, n'kutuluka mwakachetechete. Iwe usatero. Amene adzasankhidwe, umupemphe nthawi muli awiri, osati pamaso pa gulu, ndipo umufotokozere za nsima, za Lachisanu, za maliro ndi za mafumu sabata yoyamba isanathe. Umuuzenso kuti akamva "chabwino bwana," azifunsanso kachiwiri mofatsa kuti adziwe ngati anthu avomeradi.