Bambo akudzuka kasanu usiku: kodi zitsamba zingaphwetse prostate?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Bambo awo owabereka, a zaka 67, amadzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, mkodzo umangodontha, ndipo akamaliza amamva ngati wina watsalira. Wogulitsa zitsamba mumsika wa Zomba wawagulitsa botolo la makungwa, ati liphwetsa prostate. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi zitsambazi zimagwiradi ntchito, kapena tikungotaya ndalama?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa, pakuti abambo ambiri amavutika chamumtima ndi vutoli chifukwa cha manyazi. Prostate ndi kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Munthu akamakula kamakulanso n'kumafinya njirayo, monga mmene paipi yothirira imachitira mukaiponda. Pafupifupi theka la amuna amakhala nalo vutoli akamafika zaka 60, ndipo si khansa.

Chitsamba chotchuka kwambiri kunja ndi saw palmetto, kanjedza kakang'ono ka ku Florida. Anachiyesa mosamala ku America. Mu 2006, amuna 225 anachita nawo kafukufuku wa chaka chathunthu, ndipo omwe anamwa chitsambachi sanasiyane ndi omwe anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Mu 2011 anabwerezanso, mpaka kuchulukitsa mlingo katatu, koma zinali chimodzimodzi. Mukachiona mufamase pa mtengo wokwera, sungani ndalama zanu.

Umene umandikhudza mtima ndi mtengo wathu womwe, Prunus africana, umene umamera m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa, ndi kuno ku Malawi komwe. Makungwa ake akhala akutumizidwa ku Ulaya, makamaka kuchokera ku Cameroon, kukapanga mankhwala otchedwa pygeum. Akatswiri ataunika kafukufuku 18 mu 2002 anapeza kuti amuna ena ankadzuka kochepa usiku ndipo mkodzo unkatuluka bwinoko. Koma kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, wa nthawi yaifupi, ndiponso wa mankhwala oyezedwa mlingo, osati makungwa owiritsa mumphika. Anthu ausenda mtengowu mpaka mu 1995 unalowa pa mndandanda wa mitengo yofunika kuteteza wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire. Ndikayang'ana mmene phiri lathu la Zomba layerera, sindingauze munthu kuti akwere ndi chikwanje kukasenda yotsalayo.

Nthanga za maungu angathe kumakazinga n'kumadya, ndi chakudya chabwino, koma musayembekezere kuti zitsegula njira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi botolo lija. Silinalembedwe chilichonse, simukudziwa zomwe zilimo, ndipo bambo akamamwa miyezi ikupita asanapimidwe. Kukodza pafupipafupi usiku kumabweranso ndi matenda a shuga. Khansa ya prostate ingabisale kuseri kwa zizindikiro zomwezi. Ngati anakhalapo kufupi ndi nyanja ya Chilwa, likodzo nalonso limawononga chikhodzodzo. Ndipo mkodzo ukamatsalira nthawi yaitali, impso zimavulala mwakachetechete.

Kuchipatala adzawapima mkodzo ndi shuga, ndipo prostate adzaipima ndi chala. Auzenitu zimenezi mwaulemu, kapena mutume amalume anu akawauze, kuti asakadzidzimuke. N'kanthawi kochepa chabe. Mankhwala alipo: tamsulosin amafewetsa njira ya mkodzo m'masiku ochepa, pamene finasteride amachepetsa prostate pang'onopang'ono, mwina miyezi 6. Pakadali pano achepetse tiyi ndi mowa madzulo, ndipo asamale ndi mapiritsi ena a chimfine, chifukwa amatha kutsekeratu mkodzo.

Mkodzo ukatsekeka osatulukiratu, kapena mukaona magazi, musadikire kuti kuche. Thamangirani nawo ku chipatala cha Zomba Central akawaike paipi. Ngati sizinafike pamenepo, pitani nawo sabata ino ndithu, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi botolo lija, kuti adokotala aone zimene akhala akumwa.