Nthaka ndi yonyowa koma mbewu zikufota: yankho kwa mlimi wa ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amalima dimba m'mbali mwa mtsinje ku Dedza. Iwo akuti anabzala chimanga ndi tomato kumayambiriro kwa mwezi wa Juni, ndipo amathirira ndi thiredo pampu kawiri pa tsiku, mbandakucha ndi madzulo. Komabe dzuwa likangokwera, masamba a tomato amalendewera ngati sanaone madzi, pamene chimanga chapinimbira ndipo masamba ake ayamba kufiira moderako. Funso lawo ndi lakuti, kodi aonjezere madzi?

Bambo, musaonjezere. Mawa m'mawa mukafika kudimbako, kumbani pang'ono pafupi ndi phando, mutape dothi ndi kulifinya m'manja. Likaumbika n'kukunyowetsani chikhatho, dziwani kuti madzi alimo okwanira. Mumvenso kuzizira kwake, chifukwa m'pamene pagona nkhani: mbewu zanu zili ndi ludzu pamene mizu yake ili m'madzi, poti nthaka yozizira imalepheretsa mizu kuyamwa.

Madzi akazizira amalemera kayendedwe, monga momwe mafuta ophikira amachitira m'botolo mwezi wa Julaye, ngakhale kuti ndi maso sitingaone. Pa madigiri 10, madzi amakhala olimbirako pafupifupi kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi pa madigiri 25, choncho amadutsa pang'onopang'ono m'dothi ndi m'mizu momwe. Koma vuto lalikulu lili m'mizumo. Khungu la timizu ting'onoting'ono lili ndi tizipata todutsira madzi, ndipo kukazizira tizipatati sitigwira bwino ntchito. Mizu imaleka kukula, timizu tatsopano timene timayamwa kwambiri sitiphuka. Ndiye taganizirani zimene zimachitika cha m'ma 9 koloko m'mawa: dzuwa lawomba masamba, mphepo youma ya mwera ikupita, masamba ayamba kutaya madzi mofulumira, koma pansi pakadali pozizira monga munali usiku. Masamba akutaya ambiri kuposa amene mizu ikutumiza, ndipo mbewu imafota.

Mbewu sizifanana pa nkhaniyi. M'chaka cha 1942, katswiri wa zomera Paul Kramer wa ku yunivesite ya Duke ku America anapeza kuti mavwende ndi thonje, nthaka ikafika pa madigiri 10, zimayamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi amene zimayamwa pa madigiri 25, pamene ndiwo zamasamba za mtundu wa kabichi zimapitiriza kuyamwa ndithu. N'chifukwa chake repu, kabichi, nsawawa ndi mbatatesi zimachita bwino ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi yozizira, pamene tomato, nkhaka, nyemba ndi chimanga zimavutika. Chimanga sichikula nkomwe kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10. Kufiira kwa masamba kumene mwatchulako nthawi zambiri kumasonyeza kuti mbewu ikusowa chakudya cha m'nthaka chotchedwa fosifolasi, ndipo izi zimachitika ngakhale munathira feteleza wokulitsa, chifukwa mizu yozizidwa siitha kumufikira. Ndaonapo alimi akuthamangira kukagula thumba lina la feteleza pa vuto lotere. Ndalamazo zimangopita pachabe, poti kukayamba kufunda mu Ogasiti masamba atsopano amatuluka obiriwira okha.

Kathiriridwe kanu, bambo, ndi kamene kakukulitsa vutoli. Nthaka yonyowa kwambiri imachedwa kufunda, chifukwa madzi amafuna kutentha kochuluka kuti afunde kusiyana ndi dothi louma. Mukathirira madzulo, mizu imagona usiku wonse m'matope ozizira, ndipo mukabweranso mbandakucha ndi madzi a mumtsinje, amene nthawi imeneyo amachita kuluma zala, mumaziziritsa nthaka pa nthawi imene imayenera kuyamba kufunda. Madzi akachuluka amathamangitsanso mpweya m'nthaka, ndipo mizu yosowa mpweya imalephera kuyamwa, kenaka imayamba kuola. Musaiwalenso kuti madimba athu amakhala kunsi, kumene mpweya wozizira umatsikira usiku. Chisanu chimayambira kudambo chisanafike kumtunda.

Malangizo anga ndi akuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye muzithirira kamodzi kokha pa tsiku, dzuwa litakwera ndithu, cha m'ma 10 koloko kapena kupitirirapo, ndipo muziyamba mwafinya dothi kuti muone ngati n'kofunikadi, chifukwa nyengo yozizira nthaka imatha kusunga chinyontho masiku angapo. Pa nazale ndi pa mbande zongookera kumene, tungirani madzi m'dilamu ndi kuwasiya padzuwa asanathiridwe. Chaka chamawa mudzabzale pa mizere kapena pa mabedi okwera, amene amakhetsa madzi ndi kufunda msanga. Za kuphimbira ndi mapesi kapena udzu, ambiri sagwirizana nane, koma ine ndimati nthawi yozizira muziphimbira mopepuka, pakuti chophimbira chochindikala chimatchinga dzuwa ndipo nthaka imakhala yozizira tsiku lonse.

Zonsezi zidzatembenuka ikadzafika Okutobala. Alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amadziwa kuti dothi lapamtunda limatentha mpaka munthu sangapondepo wopanda nsapato, ndipo timizu tapamwamba timapsa n'kuleka kuyamwa. Pamenepo m'pamene mudzafunike kuphimbira mochindikala ndi kubwerera ku kuthirira kwa m'mamawa kumene ndakuletsani lero.