Za dish ija, msuweni

Eee, msuweni... dikira kaye nditseke chitseko, anawa akusokosa. Eya. Ndamva funso lako lija, loti dish yatsopano ya Starlink ikugulidwa zingati. Iwe, ine ndimakudziwa. Sukufuna mtengo. Ukufuna azakhali amve kuti intaneti yafa yokha, asadziwe kuti Loweruka unakwera padenga n'kusuntha dish. Hahaha, pepani azakhali, ndaulula.

Ukukumbukira amalume ndi chigayo chawo ku Ntcheu? Chaka cha maliro a agogo... ayi, chaka chotsatira, atagulitsa ng'ombe ya nyanga imodzi ija. M'mawa wina mota inangoti zii. Amalume osafunsa munthu, akuti yapsa basi. Anaimasula, anthu anayi kuikweza pa matola, ulendo wa ku Limbe. Masiku atatu akugona kwathu, akudandaula kuti ndiwo za m'tauni zilibe mchere. Wokonza uja atailumikiza, mota inazungulira bwinobwino. Akuti bambo, iyi ilibe vuto. Amalume anakwiya ngati awatukwana! Kubwerera kumudzi, kuimangirira, zii. Ndiye mnyamata waganyu uja, wolima kuseri kwa chigayo, anabwera atagwira chipewa m'manja, akuti khasu langa linagunda chinthu chakuda pansi. Chingwe, msuweni! Mwayi wake magetsi anali atazima tsiku limenelo. Mpaka lero ukawafunsa amati mota ija inadwala malungo.

Ndimati chiyani... eya, iwe. Dish ilibe batire, ilibe pulagi yake. Magetsi ndi intaneti yomwe zimadutsa m'chingwe chimodzi chomwecho, cha mamita 15 chija. Mkati muli timawaya 8, topotana tiwiritiwiri. Kamodzi kakaduka, app ya Starlink pafoni imatha kumakuuza kuti dish sikuoneka, kapena imayaka n'kuzimanso. Ndipo ndinaona pachithunzi chija, chingwe unachidutsitsa pawindo lachitsulo. Mukamatseka usiku chimapanika pamenepo.

Ndiye usagule kanthu. Yeza chingwe kaye.

Bwereka multimeter, mita yoyezera magetsi ija, kwa wokonza mawailesi pamsika. Zimitsa magetsi, zula chingwe mbali zonse ziwiri... zimitsa kaye, ndanena, muli mavolti opitirira 50 mmenemo, ukagundanitsa timawaya uotcha rauta, kabokosi ka WiFi ka m'nyumba kaja. Yang'ana m'mapulagi a kunsonga za chingwecho ndi tochi. Ukaona madzi, kapena dzimbiri lobiriwira, kapena kamkuwa kopindika, wampeza kale wakuba. Ngati muli bwino, bweretsa nsonga ziwirizo pamodzi patebulo, ika mita pamene imalira kuti tiii. Kamkuwa koyamba uku ndi koyamba uko, ilire. Kachiwiri ndi kachiwiri, mpaka onse 8. Pamene yakhala chete, waya waduka. Kenako mbali imodzi yokha, khudza timikuwa tosiyana, pamenepo isalire. Ikalira, mawaya aphwanyika n'kukhudzana mkati. Timitengo ta mita tikakula, mangirira singano za azakhali, koma ubweze, iwe sumabweza zinthu. Sipanala yanga ija...

Aa, ndaiwala. Poyeza, wina azipinda chingwe pang'onopang'ono pamalo opanika paja, chifukwa waya wothyoka amatha kugundana chikawongoka, mita n'kukunamiza. Komanso kulira kwa mita sikutanthauza kuti intaneti idutsa bwino, ayi. Zonse zikalira koma vuto lilipobe, bwereka chingwe cha anzako a dish yofanana ndi yanu, ulumikize pabwalo pomwepo. Ikayaka, basi, ugule chingwe chokha. Osalumikiza ndi tepi ngati waya wa ayironi, mvula yoyamba chidzafanso.

Ndiye wamva? Chingwe kaye, dish pambuyo. Usachite za amalume zonyamula mota yamoyo kupita nayo ku Limbe. Yeza chingwecho, unditumizire chithunzi cha mita. Azakhali, musamukalipire kwambiri, mwina ndi khoswe... koma windo lija ndaliona. Chabwino, nsima ikuzizira.