Kodi magazi okhalitsa m'firiji amaperekabe okosijeni?

Mwafunsa ngati magazi amene akhala masabata angapo m'firiji amafikitsabe mpweya wa okosijeni ku ziwalo za wodwala, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Pakatha masabata awiri, mankhwala achilengedwe otchedwa 2,3-DPG, amene amathandiza kuti okosijeni atulutsidwe kupita ku ziwalo, amakhala atatsala pang'ono kutheratu m'maselo ofiira, motero himogulobini, imene imanyamula okosijeni m'maselowo, imaukakamira mpweyawo m'malo mousiya. Koma maselowo akalowa m'thupi amabwezeretsa 2,3-DPG m'masiku atatu okha. Maselowo amathanso kutsitsimutsidwa asanalowe m'thupi: akatswiri amawasakaniza ndi mankhwala otchedwa pyruvate, inosine, phosphate ndi adenine kwa ola limodzi pa 37°C, kenako n'kuwatsuka.

Komabe kafukufuku wa TOTAL wa ku Kampala, m'dziko la Uganda, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti pa ana 290 ochepa magazi kwambiri, magazi akale ankatsitsa lactate (asidi amene amachuluka m'magazi ziwalo zikasowa okosijeni) mofanana ndi atsopano. Mwana wotumbuluka zikhato, amene akupuma movutikira, asachedwetsedwe podikira magazi atsopano.