Chithunzi cha nyanja pakhoma la pabalaza: yambani mwaona khomalo

Mayi wina wa ku Salima wanditumizira imelo. Akuti angomaliza kumanga nyumba chakufupi ndi Kamuzu Road, ndipo akufuna kumata wallpaper (pepala lokongoletsera khoma) ya chithunzi chimodzi chachikulu, chodzaza khoma lonse la pabalaza, chosonyeza dzuwa likutuluka ku Senga Bay. Chithunzicho anajambula okha pafoni. Akufunsa ngati zingatheke, nanga ayambire pati.

Zitheka amayi, koma musathamangire kosindikizitsa. Nkhani yagona pakhoma.

Pulasitala wa nyumba yatsopano amauma kunja kokha, mkati madzi akadali tho. Mukamata pepala msanga, chinyezi chimasowa potulukira, guluu amafewa, kenako mumangoona matuza ndi chuku chakuda chikutuluka m'mphepete. Kuyesa kwake n'kosavuta. Dulani kapulasitiki, mukamate pakhomapo ndi tepi mbali zonse zinayi, mukasiye masiku awiri. Mukapeza timadontho kunsi kwake, dikirani kaye. Pukutaninso khomalo ndi chikhato. Chikayera ndiye kuti munapaka laimu, ndipo palaimu guluu sagwira. Pamafunika kupala, kutseka ming'alu, n'kupaka andakoti.

Sankhani khoma la mkati, osati lakunja lomwe mvula ya Januwale imawomba. Lisakhalenso loyang'anizana ndi windo la kum'mawa, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno limasuwitsa utoto msanga. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli tinjira ta dothi. Chiswe chikapeza pepala ndi guluu, chapeza chakudya, ndipo chimadya cham'kati inu osadziwa.

Pepala lake funsani la vinyl, lotheka kupukuta ndi kansalu konyowa. Amene amakhala kufupi ndi nyanja akudziwa zomwe nkhungu zimachita zikatuluka. Zimaunjikana pa babu, ana n'kumaziphwanyira pakhoma. Pepala wamba likathimbirira choncho, basi kwatha.

Tsopano chithunzi chanucho. Mafoni ambiri amajambula chithunzi cha ma pixel (timadontho ting'onoting'ono topanga chithunzi) pafupifupi 4000 m'litali. Mukachitambasula pakhoma la mamita 3, sentimita iliyonse imangotsala ndi ma pixel 13. Munthu atakhala pampando patali chimaoneka bwino ndithu, koma akayandikira amaona kuti chasungunuka. Choipa kwambiri n'kuchitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, pakuti imachichepetsa. Chitumizeni ngati document kapena mupite nacho pa fulashi. Osindikiza, kaya ndi a ku Lilongwe, auzeni ayambe akusindikizirani kachigawo kakang'ono pa kukula kwake kwenikweni. Kakanikizeni pakhoma, mukaone masana ndiponso usiku getsi litayaka, musanalipire zonse.

Apa ndinenepo maganizo anga, ngakhale simunafunse. Dzuwa lotuluka ndi lofiira psuu, ndipo pabalaza la ku Salima mu Okutobala mumatentha kale mokwanira. Ine ndikanasankha nyanja yamasana, yobiriwira, chilumba cha Namalenje chikuonekera patali, mwina ndi bwato limodzi. Maso satopa nacho. Komabe nyumba ndi yanu.

Ganiziraninso za katundu. Sofa imabisa pafupifupi mita yathunthu ya m'munsi, ndiye bwato lanu likakhala pansi, alendo adzangoona thambo. TV nayo isadzakhale pakati penipeni pa dzuwalo.

Poyeza, yezani m'litali ndi m'mwamba malo atatuatatu, mutenge muyezo waukuluwo n'kuwonjezera masentimita 5 mpaka 10, chifukwa makoma athu ambiri sawongoka bwinobwino. Chithunzi chimabwera m'zidutswa zokhala ndi manambala. Musadalire ngodya ya chipinda. Mangani kamwala kuchingwe, muchilendewetse kuti mupeze mzere wowongoka, chidutswa choyamba chitsate mzerewo. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ndipo nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti. M'chilimwe guluu amauma musanalumikize bwino zidutswa, pomwe m'dzinja amachedwa kugwira.

Kapulasitiki kaja kakapitiriza kuchita thukuta ngakhale chilimwe chitadutsa, pepala lisiyeni. Yambani mwathana ndi komwe chinyezi chikuchokera, kenako mupeze mmodzi wa anyamata ojambula zikwangwani zamashopu, mumuonetse chithunzicho, achijambule ndi penti pakhoma pomwepo. Penti ikasuwa amadzangobwerezapo. Musanagwirizane mtengo, pitani mukaone khoma lina lomwe anajambulapo kale.